Mwendo wa wodwala shuga usadulidwe magazi asanayezedwe

Mtsutso wa mwendo wa munthu wodwala shuga sukutha, ndipo umamveka pakati pa madokotala enieniwo monganso umamvekera pakati pa abale odikirira wodwala. Chala chada, kapena chilonda cha kuphazi chatha miyezi chikukana kupola. Ena amati dulani msanga, munthuyu apume. Ena amati pitirizani kutsuka ndi kumanga, mwina chiuma. Ine ndikuona kuti mbali zonse ziwirizi zimadumpha funso loyenera kukhala loyamba: kodi magazi akufika kuphaziko? Mfundo yanga ndi yakuti mwendo wa munthu wa shuga usadulidwe pamwamba pa akakolo mpaka kayendedwe ka magazi katayezedwa, ndiponso mpaka dokotala wodziwa kutsegula kapena kulambalala mitsempha yotsekeka atauona n'kunena kuti palibenso chochita. Kupatula pamene moyo uli pa chiswe chifukwa tizilombo ta m'chilonda tafalikira m'magazi, kudula osayeza n'kulakwa, ndipo kusunga munthu pa mabandeji miyezi yambirimbiri osayeza n'kulakwanso chimodzimodzi.

Kuti mfundoyi imveke, tiyambe ndi mmene vutoli limabwerera. Mtsempha waukulu wotenga magazi kuchokera ku mtima umatsika m'ntchafu, n'kudutsa kuseri kwa bondo, kenako n'kugawikana patatu kulowera kuphazi. Kwa anthu a shuga, mbali itatu ya kumunsi kwa bondoyi ndi imene imatsekeka kwambiri, ndipo sitsekeka pamalo amodzi okha ayi. Imatsekeka mtunda wautali, makoma ake n'kuuma ndi kashiamu, mchere umene umalimbitsa mafupa. Munthu wopanda shuga vutoli limamuchenjeza: akayenda pang'ono katumba amapweteka, akaima amasiya, ndipo zikafika poipa zala zimamupweteka usiku moti amagona phazi lili lende m'mbali mwa bedi kuti magazi atsikeko. Koma wa shuga nthawi zambiri amakhala ndi dzanzi, poti mitsempha yomvera ululu inaonongeka kale, choncho chizindikiro chake choyamba chimakhala chilonda. Phazi limazizira, khungu limanyezimira ndi kupyapyala, ubweya wa pa zala umatha, zikhadabo zimakhakhala. Mukalikweza m'mwamba kwa miniti imodzi kapena ziwiri limatuwa, mukalitsitsa limasanduka lofiira moderapo, ndipo kufiira kumeneku kwanamiza anthu ambiri kuti magazi alipo okwanira kapena kuti vuto ndi tizilombo tokha. Khungu labwinobwino limakhala ndi moyo ndi magazi ochepa, koma chilonda kuti chipole chimafuna magazi ochuluka kuposa pamenepo. N'chifukwa chake phazi limene linkaoneka kuti lili bwino limayamba kuwola chifukwa cha thuza la nsapato yothina kapena kadulidwe kolakwika ka chikhadabo. Zili ngati dimba limene ngalande yake yatsekeka kumtunda: muthire feteleza, mupalire, mupopere mankhwala, mbewu zifotabe mpaka wina apite kukatsegula madzi.

Tsono kuyezako si ntchito yovuta monga ambiri amaganizira. Woyeza amayamba ndi zala zake, kufufuza kugunda kwa mtsempha pamwamba pa phazi ndi kuseri kwa fupa la mkati la akakolo. Kumva ndi zala kokha sikukwanira, makamaka phazi likatupa, choncho amatenga kamakina ka m'manja kotchedwa Doppler, komvetsera kayendedwe ka magazi, pamodzi ndi lamba wopimira BP. Wodwala amagona chagada kwa mphindi 10, kenako amayezedwa mphamvu ya magazi pa mkono ndi pa akakolo, ndipo nambala ya pa akakolo imagawidwa ndi ya pa mkono. Yankho likatsika kuposa 0.9, mitsempha yayamba kutsekeka. Apa pali msampha umene wataya miyendo yambiri: mtsempha wouma ndi kashiamu sufinyika ndi lamba, motero nambala imatuluka yokwera, mwina kuposa 1.3, ndipo woyeza wosadziwa amalemba kuti magazi ali bwino pamene phazi likufa. Pa chifukwa chimenechi wa shuga ayenera kuyezedwanso pa chala chachikulu ndi kalamba kakang'ono, popeza timitsempha ta m'zala sitiuma kawirikawiri. Mphamvu ya pa akakolo ikachepera 50 mmHg (muyeso womwewo wa BP), kapena ya pa chala ikachepera 30 mmHg, chilondacho sichingayembekezeke kupola chokha, ndipo mitsempha iyenera kujambulidwa mwamsanga kuyambira m'chiuno mpaka kuphazi. Ngakhale manambala atakhala abwinoko, chilonda chimene chasamalidwa bwino kwa milungu 4 mpaka 6 osasintha chikufunanso kujambulidwa komweko. Mu 2014 bungwe la Society for Vascular Surgery linatulutsa njira yotchedwa WIfI, imene imapereka mlingo wa 0 mpaka 3 pa zinthu zitatu: kukula kwa chilonda, kuchepa kwa magazi ndi kukula kwa matenda olowa m'chilondamo. Phindu lake ndi lakuti imakakamiza woyeza kuyang'ana zonse zitatu m'malo mongoyang'ana chimene chikununkha.

Otsutsa oyamba ndi amene amati kudula msanga ndi chifundo. Mfundo zawo si zopepuka. Amati munthu amene wakhala miyezi akuvutika ndi ululu, fungo ndi maulendo a kuchipatala amapeza mpumulo mwendo ukachoka, kuti opaleshoni imodzi ndi yabwino kuposa zisanu, ndiponso kuti kulimbana ndi phazi lowola kungatayitse moyo wonse. Zoonadi alipo odwala otere, ndipo ndibwereranso kwa iwo. Komabe mfundoyi imaganiza ngati kudula ndi mapeto a nkhani, pamene si choncho. Choyamba, chitsa nachonso ndi chilonda, ndipo chimafuna magazi kuti chipole. Akadula kumunsi kwa bondo pamene mtsempha wa m'ntchafu ndi wotsekeka, ulusi umamasuka, khungu limada m'mphepete, ndipo patapita milungu ingapo amadulanso pamwamba pa bondo. Chachiwiri, kuyenda ndi mwendo wochita kupanga kumadya mphamvu zambiri, makamaka bondo likachoka, ndipo munthu wachikulire wa mtima wofooka nthawi zambiri sayendanso, amathera pa njinga. Chachitatu, katundu yense wa thupi amagwera pa mwendo wotsalawo, umene uli ndi matenda omwewo. Kafukufuku wa m'mayiko ambiri amasonyeza kuti theka kapena kuposa la anthu a shuga odulidwa pamwamba pa akakolo amamwalira zaka 5 zisanathe. Ndinene mwachilungamo kuti si kudulako kokha kumene kumawapha, poti mitima ndi impso zawo zimakhala zodwala kale. Koma nambala imeneyi ikukwanira kusonyeza kuti kudula si khomo lotulukira mwamtendere limene munthu angamutsegulire asanaone makomo ena.

Otsutsa achiwiri amati mitsempha ya munthu wa shuga singatseguke, chifukwa vuto lili mu timitsempha ting'onoting'ono ta m'phazi timene mpeni sungafikeko. Ganizo limeneli linafala kuchokera pa kafukufuku wina wa mu 1959 amene anayang'ana miyendo yodulidwa kale, ndipo linalowa m'mitu ya madokotala kwa zaka zambiri. Mu 1984 madokotala awiri, LoGerfo ndi Coffman, analemba mu New England Journal of Medicine kuti umboni sukugwirizana nalo. Shuga amaonongadi timitsempha ting'onoting'ono, monga zimaonekera m'maso ndi mu impso, koma chimene chimamana phazi magazi ndi kutsekeka kwa mitsempha ya kumunsi kwa bondo, ndipo nthawi zambiri mtsempha wa pamwamba pa phazi kapena wa kuseri kwa akakolo umapezeka uli wotseguka, ukungosowa chouthira. Ichi n'chifukwa chake kujambula kuyenera kufika mpaka kuphazi. Chithunzi chothera pa msongolo chimaonetsa mitsempha itatu yotsekeka, ndipo wochiona anganene kuti palibe pofikira, pamene pofikira pali pansi pang'ono pa pomwe chithunzicho chathera.

Njira zobwezera magazi ndi ziwiri. Yoyamba ndi yodzera m'kati mwa mtsempha momwemo. Dokotala amabaya jakisoni wa dzanzi pa mphechepeche, amalowetsa kapaipi mu mtsempha, amathira mankhwala ooneka pa X-ray, kenako amayendetsa kawaya kowonda kwambiri mpaka kataboola potsekekapo. Pa kawayako amakwezapo kachibaluni, kamene kumunsi kwa bondo kamakhala ka mamilimita 2 mpaka 4, n'kukafufumitsa kwa mphindi zingapo kuti mtsempha utambasuke. M'ntchafu ndi m'chiuno nthawi zina amasiyamo stent, kachitsulo kolukidwa koletsa mtsempha kufwamphukanso. Wodwala sagonekedwa tulo, ndipo ambiri amatuluka tsiku lomwelo kapena mawa lake. Yachiwiri ndi opaleshoni yolambalala. Dokotala amatenga mtsempha wautali wobweza magazi umene umayenda m'kati mwa mwendo kuchokera pa akakolo mpaka pa mphechepeche, amausokerera pamwamba pa potsekekapo ndi pansi pake, magazi n'kupeza njira yatsopano. Mtsemphawu uli ndi timavavu, timakomo tolola magazi kuyenda molunjika kumtima kokha, choncho amautembenuza kapena kudula timavavuto. Uyenera kukhala wa mamilimita 3 kapena kuposa m'mimba mwake, ndipo amauunika ndi makina asanayambe. Mapaipi opangidwa ku fakitale alipo, koma kumunsi kwa bondo amatsekeka msanga, ndipo akalowa tizilombo zimavuta kwambiri. Pa chifukwa chimenechi mtsempha umenewu si wochotsa mwachisawawa mwa munthu wa shuga, ngakhale utatupa n'kumaoneka moipa pa khungu.

Pamenepa otsutsa achitatu amafunsa kuti: ngati akatswiri enieniwo sagwirizana kuti njira yabwino ndi iti, wodwala aikidwirenji pa mayeso? Kusagwirizanako kulipodi. Mu 2022 kunatuluka zotsatira za kafukufuku wa BEST-CLI, wa odwala 1,830, ambiri a iwo a shuga. Mwa amene anali ndi mtsempha wabwino wolambalalira, pafupifupi 43 pa 100 alionse ochitidwa opaleshoni anamwalira, kudulidwa pamwamba pa akakolo kapena kufunika ntchito ina yaikulu, poyerekeza ndi 57 pa 100 a chibaluni. Mwa amene analibe mtsempha wabwino, kusiyana kunali kochepa kosati n'kudalira. Chaka chotsatira, 2023, kafukufuku wa BASIL-2, wa odwala 345 a ku United Kingdom, Sweden ndi Denmark, onse ofunika kutsegulidwa kumunsi kwa bondo, anapeza zosiyana: omwalira kapena kudulidwa anali 63 pa 100 kwa oyamba ndi opaleshoni, ndi 53 pa 100 kwa oyamba ndi chibaluni, ndipo kusiyanako kunachokera makamaka pa imfa. Koma taonani chimene akafukufuku onsewa ankafunsa. Sankafunsa ngati magazi abwezedwe kapena ayi. Funso limenelo anali atalidutsa kale. Ankafunsa kuti abwezedwe bwanji, ndipo phunziro lake ndi lakuti njira isankhidwe poyang'ana munthuyo. Wa mtima wolimbako, wa mtsempha wabwino, wa chilonda chachikulu ndi kutsekeka kwa mtunda wautali amapindula ndi opaleshoni. Wofooka, wa mtima kapena mapapo osapirira kugonekedwa tulo maola angapo, kapena wopanda mtsempha wabwino, ayambe ndi chibaluni. Choipa chenicheni ndi pamene njira ikusankhidwa chifukwa ndi yokhayo imene dokotala wapezekayo amaidziwa.

Otsutsa achinayi amanena zoona zina zowawa: mtsempha wotsegulidwa umatsekekanso, makamaka kumunsi kwa bondo, nthawi zina chaka chisanathe. Amanenanso kuti mankhwala ojambulira angapweteke impso zimene shuga wazifooketsa kale, kuti pobayapo pangatuluke magazi, ndiponso kuti opaleshoni ingadzutse vuto la mtima. Zonsezi n'zoona, ndipo wodwala ayenera kuuzidwa asanavomere. Koma kumbukirani zija ndanena, kuti khungu lopola limafuna magazi ochepa kuposa chilonda. Ngati mtsempha wakhala wotseguka miyezi 6 ndipo m'miyezi imeneyo chilonda chatsekeka, ntchito yagwirika, ngakhale mtsemphawo utadzachepanso pambuyo pake. Kuwonjezera apo, ngozi zambiri zili ndi pozichepetsera. Impso zimayezedwa ntchito isanayambe, wodwala amapatsidwa madzi okwanira, mankhwala ojambulira amachepetsedwa, ndipo amene impso zake n'zofooka amaimitsidwa mankhwala a shuga a metformin kwa maola 48 mpaka zitayezedwanso. Njira yolambalala imaunikidwa ndi makina kangapo m'chaka choyamba, chifukwa pamene yayamba kuchepa imakonzeka mosavuta, koma ikatsekekeratu nthawi zambiri imatayika. Chilonda chimene chinayamba kupola n'kuima, kapena ululu wa usiku umene wabwerera, ndi chizindikiro chobwerera kuchipatala sabata yomweyo, osadikira tsiku lolembedwa pa khadi.

Mfundo yolemera kuposa zonse ndi ya ndalama ndi zipangizo. Zipatala zambiri pa dziko lapansi zilibe chipinda chojambulira mitsempha kapena dokotala wa ntchito imeneyi, ndipo otsutsa amati kulankhula za zibaluni kumalo otere n'kungopatsa anthu chiyembekezo chabodza. Sindikukana kuti kusowaku n'kwenikweni. Ndikukana zoti kusowa kwa gawo lomaliza kukhale chifukwa chodumphira gawo loyamba. Doppler ya m'manja ndi lamba wa BP si zipangizo zapamwamba, ndipo namwino angaphunzire kuzigwiritsa ntchito m'masiku ochepa. Kuyeza kumalekanitsa magulu awiri amene amaoneka ofanana m'maso. Gulu lina lili ndi magazi okwanira, ndipo chilonda chawo chikulephera kupola chifukwa akuchiponda kapena fupa lalowa tizilombo. Amenewa safuna chibaluni, amafuna kuchotsa zowola, maantibayotiki oyenera ndi kuletsa phazi kusenza thupi, ndipo kuwadula mwendo n'kutaya chiwalo chimene chikanapola. Gulu lina ndi losowadi magazi, ndipo malo ochepa amene alipo ku chipatala chachikulu ayenera kupita kwa iwo, msanga, chala chakuda chikadali chimodzi chokha. Komanso tikamawerengera mtengo tiwerengere zonse. Kudula kumaoneka kotchipa m'buku la chipatala chifukwa mtengo wotsala umasamukira ku banja: ntchito yotha, munthu wosiya zake kuti azisamalira wodwala, mwendo wopanga wofunika kusinthidwa, ndi kugonekedwanso m'chipatala chitsa chikavuta.

Mbali inayo, ya amene amati tidikire ndi mankhwala, imalakwa mwakachetechete, ndipo mwina ndi imene imataya miyendo yambiri. Wodwala amaopa mpeni, abale amaopa, ndipo wachipatala amapereka maantibayotiki kachitatu, kachinayi, n'kusintha mtundu wa bandeji. Koma mankhwala omeza kapena obaya amafika pa chilonda atanyamulidwa ndi magazi, ndiye kumene magazi sakufika nawonso amafikako ochepa. Izi sizikutanthauza kuti mankhwala alibe ntchito. Aliyense wa vutoli ayenera kukhala pa statin wamphamvu, mankhwala otsitsa mafuta m'magazi, monga atorvastatin 40 mpaka 80 mg, ndi pa aspirin 75 mpaka 100 mg kapena clopidogrel 75 mg, oletsa magazi kuundana, pokhapokha dokotala ataona choletsa. Kafukufuku wa VOYAGER PAD wa mu 2020 anasonyeza kuti kuwonjezera mankhwala ena oletsa magazi kuundana, rivaroxaban 2.5 mg kawiri pa tsiku pamwamba pa aspirin, mitsempha itatsegulidwa, kumachepetsa ngozi za mwendo ndi za mtima, ngakhale kumawonjezera ngozi ya kutaya magazi. BP ndi shuga ziyenera kutsika, ndipo fodya ayenera kusiyidwa kotheratu, poti wosuta njira yolambalala imamutsekekera msanga. Koma ntchito yaikulu ya mankhwala onsewa ndi kuteteza mtima, ubongo ndi mitsempha imene ikadali yotseguka. Palibe piritsi lotsegula mtsempha umene watsekeka masentimita 20. Ndipo podikirapo pamachitika zoipa zina: kuviika phazi ladzanzi m'madzi otentha kapena kuliyandikiza ku moto mpaka kupsa osamva, kumanga bandeji yothina imene imatseka timagazi totsalato, kudzicheka zikundu ndi lezala, kugona chidendene chitatsamira matiresi mpaka chitada.

Pa nkhani ya nthawi, dongosolo la ntchito liyenera kumveka bwino, chifukwa mfundo yanga isamveke ngati yoletsa mpeni. Phazi likatupa, kutentha, kutulutsa mafinya onunkha, kufiira kukukwera mwendo, wodwala akumva malungo kapena shuga wakwera mosalamulirika, choyamba ndi kung'amba, kukhetsa mafinya ndi kuchotsa zowola, ngakhale chala chimene chatha, pasanathe maola 24, pamodzi ndi maantibayotiki a mu mtsempha. Kubweza magazi kumatsatira m'masiku ochepa, ndipo kutseka chilonda kumadikira magazi atafika. Koma chala chakuda chouma, chopanda mafinya ndi fungo, chisachekedwe magazi asanabwezedwe, chifukwa mpeni ungosandutsa chinthu chouma kukhala chilonda chonyowa chosapola. Chisungidwe chouma ndi chaukhondo, chiyang'aniridwe tsiku ndi tsiku. Palinso vuto lina ladzidzidzi: mwendo ukazizira mwakamodzi, kutuwa, kupweteka kwambiri kapena kufa dzanzi n'kulephera kugwedeza zala, ndiye kuti magazi oundana atseka mtsempha, ndipo minofu imayamba kufa pakatha maola pafupifupi 6. Limeneli si lodikira kuti kuche.

Tsopano ndibwerere kwa odwala amene kudula kuli kowayeneradi, chifukwa alipo ndipo kuwakakamiza maopaleshoni n'kuwazunza. Munthu amene wakhala chigonere kwa nthawi yaitali, bondo linapindika osawongokanso, sadzapondanso phazilo ngakhale litapola. Phazi limene lawola mpaka chidendene ndi mafupa apakati silingasenzenso thupi. Wina tizilombo tafika m'magazi, BP ikugwa, impso zikuima, ndipo mwendo uyenera kuchoka usiku womwewo kuti iye akhale moyo. Wina wajambulidwa mpaka kuphazi ndipo pofikira palibedi, ululu sukumugonetsa. Winanso wamva zonse bwinobwino ndipo wasankha yekha opaleshoni imodzi m'malo mwa miyezi ya chithandizo, ndipo chisankho chimenecho chilemekezedwe. Koma mwa onsewa, kupatula amene akuthamangitsidwa ndi maola, kuyeza magazi kukufunikabe, chifukwa ndi kumene kumauza dokotala poyenera kudula. Nthawi zina kutsegula mtsempha umodzi wa m'ntchafu sikupulumutsa phazi, koma kumachititsa kuti chitsa cha kumunsi kwa bondo chipole, ndipo munthu amene bondo lake latsala amakhala ndi mwayi waukulu woyendanso kuposa amene wadulidwa pa ntchafu. Nthawi zinanso magazi obwezedwawo amachititsa kuti achotse zala zokha kapena theka la kutsogolo la phazi, chidendene n'kutsala, munthu n'kumayenda ndi nsapato yokonzedwa mwapadera popanda mwendo wopanga.